Dzanja la Ngowe

M'nyumba ya anthu osamva, munthu akafuna kukutseka pakamwa sakhudza pakamwa pako. Amakugwira manja. Nawe ukafuna kumukana sutseka makutu, umatsinzina. Ngowe anakula akuzidziwa bwino zida ziwirizi. Kugwira manja inali ntchito ya bambo ake, kutsinzina inali yake.

Bambo akewo anali kalipentala, osamva chibadwire, ndipo mayi ake analinso chimodzimodzi. Ngowe anatengera onse awiri. Mlongo wake wamng'ono yekha ndi amene anabadwa akumva, choncho pomutchula ankangogwira khutu, dzina lake n'kukhala Makutu. Ndi iye ankatumidwa kukamva za makasitomala, za aphunzitsi ndi za madokotala, n'kubwera nazo kudzazikhuthulira m'manja. Mwini wake ankati sanabadwe mwana, anabadwa foni.

Bambowo ntchito ankayidziwa, zimenezo sitingawalande. Thabwa sankaliyesa ndi maso. Ankati maso amanama. Ankaliyendetsa chala chachikulu kuchokera uku mpaka uko, ndipo pamene pakhota chalacho chinkaima chokha. Koma manja omwewo akalowa m'nyumba ankasanduka china. Mayi akayamba kuyankha, bambo ankawagwira mikono yonse iwiri ndi dzanja limodzi, linalo n'kumamenya. Munthu womangidwa chotero sangathe ngakhale kupepesa.

Dzina loti Ngowe silinali la paubwana. Ali mwana, bambo ake anamupatsa dzina la patsaya, chala chimodzi pa kadzenje kamene kankatuluka akaseka. La Ngowe linabwera ndevu zitayamba kumera.

Tsiku limenelo kunabwera kasitomala wa mimba yake kudzatenga kabati. Ankawagogoda bambowo pamutu ndi chala ngati akuyesa dzungu, uku akuseka ndi anzake. Bambo nawo ankaseka, akuwerama, akugwedeza mutu. Galimoto itangochoka, analowa m'nyumba, n'kupeza tiyi wazizira, mayi n'kulipira zonse za kasitomala uja. Ngowe analowa pakati pawo, nawauza bambo ake m'maso muli gwa.

"Panja mumagwedeza mchira, m'nyumba muno mumaluma. Ndinu galu."

M'nyumba mwawo mawu oti galu ankanenedwa ndi zala ziwiri za kumanja, cholozera ndi chapakati. Bambo anamugwira pakhosi pa malaya, kumukokera ku shedi yogwiriramo ntchito, kulowetsa zala ziwirizo m'vayisi yopanira matabwa, n'kuyamba kupukusa chigwiriro. Sanapukuse mothamanga. Anapukusa ngati munthu amene ali pa ntchito. Ngowe kuthyoka kwa mafupa anakumva m'mano, ndipo kukuwa kwake anakumva kukung'amba kummero. Amene anakumva ndi makutu anali Makutu yekha, ndipo mpaka lero salowa m'shedimo asanaime kaye pakhomo.

Kuchipatala anapita mochedwa, chifukwa bambo analetsa. Zala zinapola zokhota. Kuyambira pamenepo mawu ake ambiri ankatuluka opunduka, ndipo anzake osamva ankamuseka kuti amalankhula ngati walawa. Dzina la patsaya linafa lokha. Aliyense pomutchula ankangopinda zala ziwiri ngati ngowe.

Anachoka pakhomo, n'kukayamba kumata matayala m'mphepete mwa msewu waukulu. Ankabwerabe kudzaona mayi ake, koma dzanja lamanja linkakhala m'thumba, ndipo bambo akangokweza manja kuti alankhule, iye ankatsinzina. Poyamba ankamugwedeza, kumuwomba mbama, kumukanda zikope ndi zala zonunkha guluu. Maso osatseguka. Zaka zitapita, mphamvu zitatha, bambo ankangoima patsogolo pake. Ngowe ankadikira mpaka amve m'mapazi kuti pansi pakugunda, munthu akuchoka. Zinkamukoma, tisabise. Ankatuluka pakhomopo mtima uli mbee.

Mmawa wina ali pa ntchito, tayala limene anakhalira linagwedezeka. Anali Makutu, walimenya ndi phazi.

"Achimwene, bambo ali m'chipatala. Chifuwa chija. Adokotala akuti tiitane abale."

"Aitaneni."

"Nanga inu ndinu mlendo? Dzukani. Mayi ali okha kumeneko, ndipo ine manja atopa."

Anapita chifukwa cha mayi ake, kapena ndi zimene anadziuza ali m'basi.

M'chipinda cha odwala munkanunkha mankhwala otsukira pansi. Bedi la bambo ake linali kumapeto, pafupi ndi zenera. Chimene anayamba kuona si nkhope, koma manja. Onse awiri anali atamangidwa ndi bandeji ku zitsulo za bedi. Zala zinkangophiriphitha.

Ngowe anatembenukira kwa Makutu, namufunsa. "Awamanga chifukwa chiyani?"

"Akuti akumazula mapaipi. Ndinawauza dzulo kuti sakuzula, akulankhula. Anawamasula. Lero abwera ena, awamanganso."

Ngowe sanaganize. Munthu ameneyu ankadana naye mpaka m'mafupa, koma wosamva samangidwa manja iye akuona. Anatulutsa mpeni wake wodulira labala. Namwino amene anali pafupi anayasamula kukamwa konse, thireyi ya mankhwala n'kugwa. Ngowe anadula bandeji yoyamba, n'kudula yachiwiri. Mlonda anamudumphira kumbuyo, iye n'kumubwezera chigongono pakamwa. Magazi anadontha pa simenti yoyera, dzino limodzi n'kugubuduzika kulowa pansi pa bedi la wodwala wina. Makutu anakankhira mlonda ndi namwino kunja, pakamwa pake pakuyenda ngati makina osokera, n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

Pabedipo panatsala atatu, bambo, mayi ndi Ngowe. Bambo anasisita mikono yawo. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku yososola. Anamuyang'ana mwana wawo, nakweza dzanja pang'onopang'ono, chala chimodzi n'kufika patsaya.

Dzina lakale lija.

Maso a Ngowe anatsinzina. Sanawatume. Anangochita zimene anazolowera, ndipo dzanja nalo linali litabwerera kale m'thumba pamodzi ndi mpeni. Anaima mumdima wakewo akudziuza kuti atsegula, adikire pang'ono, munthuyo alawe kaye. Akanali kudikira choncho, manja ambiri anamugwira kumbuyo. Alonda anali atabwera gulu. Anamupinda mikono, kumukwekweretsa m'khonde lonse, n'kumuponya kunja kwa geti ngati thumba la zinyalala.

Bambo anamwalira masana omwewo.

Kutacha, mayi ananena kuti bokosi siligulidwa. Munthu wakhomera anthu ena moyo wake wonse sangagone m'matabwa a mlendo. Ngowe ndiye anali atagwirako puleni yopalira matabwa ali mnyamata, choncho analowa m'shedi muja koyamba chichokereni. Zonse zinali m'malo mwake. Macheka anali pa misomali yake, pensulo inali pa mphepete mwa benchi, ndipo vayisi inali pomwe paja, yopakidwa girisi, yonyezimira ngati yogula dzulo.

Anayeza, anacheka, anapala. Ankaganiza kuti akhala wopepukidwa, koma m'chifuwa munali chinthu chimene chinkakana kutsika. Sichinali chisoni chimene anthu amalira nacho. Linali funso. Chala chinafika patsaya, kenako chiyani? Ankapala thabwa, funso lili pomwepo. Ankakhoma msomali, funso lili pomwepo. Anadzimenya chala chachikulu ndi hamala, ndipo ngakhale ululuwo sunalichotse.

Makutu atabwera ndi madzi akumwa, Ngowe anamugwira phewa.

"Ananena chiyani dzulo?"

"Ndidziwa bwanji? Ndinali m'khonde kukuchondererani kuti asakutengereni kupolisi. Dzino la munthu, achimwene. Funsani mayi."

Mayi anali atakhala pa kampando pakhomo la shedi, malaya oyera a bambo ali pamiyendo, akusokerera batani. Anali mayi wamng'ono thupi, wa manja ofulumira, amene moyo wonse ankalankhulira pafupi ndi chifuwa kuti asaoneke patali. Ngowe anagunda pansi ndi phazi. Mayi anadzutsa mutu.

"Mayi, anati chiyani?"

Anabaya singano pa kolala kuti manja apeze mpata. "Anakuuza iwe."

"Sindinaone."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

"Ndiye ndiuzeni."

"Mawu anali ako, unawakana. Ine ndiwatole pansi ndikupatse? Ine si Makutu."

"Anapepesa? Ananditukwana? Ingondiuzani chimodzi, basi."

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda manja pa malaya aja, natsinzina.

Ngowe anali asanaimepo mbali imeneyi. Zaka zonsezi iye ndiye anali kuseri kwa zikope, kumene kuli phee, kumene munthu amakhala mfumu. Sankadziwa kuti kunja kwake kumaoneka chonchi. Nkhope ya mayi ako ili pompo, ukhoza kuwerenga makwinya ake, koma munthuyo wachoka ndipo wakhoma chitseko. Anakupiza manja pamaso pawo. Anagunda pansi mpaka utuchi unadumpha. Ananena mayi, mayi, mayi, kwa mphepo.

Moto unamukwera kumutu. Anatola hamala, natembenukira vayisi ija. Anaimenya pachigwiriro, anaimenya pamano, anaimenya ndi manja onse awiri mpaka benchi inayamba kuyenda. Mabotolo a vanishi anagwa pa shelefu n'kusweka. Macheka anagwa. Chitsulocho chinangochita timabala toyera, osasuntha. Anamenyabe mpaka mpini wa hamala unathyoka, mutu wake n'kuuluka kukaswa galasi la zenera. Anatembenuka akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Mayi anali atamva zonsezo m'kampando kawo, koma maso anali chitsinzinire.

Anawalumphira. Anawagwira mikono yonse iwiri, kuwadzutsa pampando, n'kuwagwedeza mpaka mpango unagwa kumutu. Malaya oyera anagwera m'vanishi.

Mayi anatsegula maso. Sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana pansi, pa manja ake.

Ndipo apa ndi pamene panali uchitsiru wonse. Iye ankafuna kuti mayi alankhule, koma pakamwa pawo anali atapagwira yekha. Ankafuna kuwauza kuti nenani, koma pakamwa pake panali podzaza ndi mikono yawo. Anaima choncho awiriwo, osalankhula onse, akupumirana. Mafupa a mayi ake anali opyapyala ngati timitengo ta mapensulo, ndipo zala zake zokhota zija zinakwana bwinobwino mozungulira mkono, ngati zinapindidwira ntchito imeneyo.

China chake chinamugwera m'mutu, dziko n'kuchita mdima pang'ono. Atadzidzimuka anali chogwada mu utuchi, magazi akutsikira m'khutu. Makutu anaima pamwamba pake ndi chidutswa cha thabwa. Anachiponya pansi kuti alankhule, ndipo ankalankhula ndi manja ndi pakamwa nthawi imodzi, malovu akuuluka.

"Bokosili tikukhomera ndani? Ndiuzeni. Tikukhomera ndani, poti bambo aja ndi awa agwada apawa?"

Ngowe anayang'ana mikono ya mayi ake. Inali itayamba kale kutupa, mizere ya zala zake ikuoneka. Mizere imeneyo ankaidziwa kuyambira ali mwana. Manyazi anamugwira. Anapinda dzanja kuti apepese, koma mayi analikankhira pambali.

Anakhalanso pa kampando kaja. Atayamba kulankhula, mawu awo anali aang'ono ndi ochedwa, chifukwa mikono inkawawa.

"Sanapepese. Usadzinamize. Ndakhala nawo zaka zonsezi, mawu amenewo sindinawaonepo m'manja mwawo. Ndipo usaganize kuti ndikuwayeretsa. Anandimenya ine kuposa iwe."

Ngowe anagwedeza mutu, maso ali pa manja awo, osaphethira.

"Anakuitana dzina lako. Kenako anati, ndione dzanja."

"Basi?"

"Basi. Ndione dzanja. Anabwereza, nabwereza. Atakutulutsa alonda aja, ankauza chitseko. Mpaka mikono inagwa yokha."

"Alione kuti atani?"

"Ndikanadziwa bwanji? Chichitikireni zija sanalionepo. Umabwera nalo lili m'thumba. Ukachoka ankandifunsa kuti kodi zimapindika, kodi amagwira nazo sipanala, kodi kukazizira zimawawa. Ine ndinkati funsani mwini wake. Ndiye ankakufunsa." Anaima kaye, natola malaya aja m'vanishi. "Masiku onse aja ankaima patsogolo pako iwe utatsinzina, ukuganiza ankanena chiyani?"

Makutu anabweretsa nsanza yonyowa, namuponyera pamutu mosamunyengerera. Ngowe anapita kwa woyandikana nawo kukabwereka hamala, n'kumaliza bokosi. Mayi anachapa malaya, koma banga la vanishi pa mkono silinachoke.

Madzulo dzuwa likanalipo, anakweza bokosi pa kagalimoto kobwereka n'kupita kunyumba ya chisoni. Chipinda chake chinali chozizira, cha matailosi oyera, chokhala ndi ngalande yaing'ono pakati. Wogwira ntchito mmenemo, bambo wa magolovesi ofika m'zigongono, anali atasambitsa kale malemu, ndipo mayi atamupatsa malaya aja, anawaveka. Anathandizana kuwaika m'bokosi. Linakwana ndendende. Kenako munthuyo anasanjika manja a malemu pachifuwa, natulutsa kansalu koti awamangire pamodzi.

Ngowe anamugwira phewa. Makutu anadumpha kuti alowe pakati, koma sipanafunike. Ngowe anangopukusa mutu, ndipo munthuyo atamva zimene Makutu anamuuza, anabweza kansaluko m'thumba n'kutuluka.

Ngowe anaima kumutu kwa bokosi. Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba, nalitambasula pamaso pa bambo ake. Analitembenuza uku ndi uku.

"Nali."

Maso a bambo anali otseka.

Anamenya m'mbali mwa bokosi ndi chikhatho, monga ankaitanirana kunyumba pomenya tebulo. Anagunda pansi ndi phazi.

"Nali dzanja. Mumalifuna. Onani ntchito yanu."

Anamenyanso, mwamphamvu, mpaka mutu wa malemu unapendekera kumbali. Manja ake anayamba kuthamanga okha. Anawauza za vayisi, za mikono ya mayi, za anzake omuseka, za mtsikana amene anamukana chifukwa sankamvetsa zonena zake. Anawatchulanso galu, ndi zala zomwe zija, mawuwo n'kutuluka okhota. Anawerama, naika chala chachikulu pa chikope chawo, nachikankhira m'mwamba. Mkati munalibe munthu. Atachisiya, chinabwerera pang'onopang'ono.

Makutu anafuna kumukoka, koma mayi anamuletsa. "Musiye. Akucheza ndi bambo ake."

Ngowe anaima pamenepo manja ali lende. Tsopano ankadziwa zimene munthu uyu ankaona zaka zonse zija, ataima ndi funso lake patsogolo pa nkhope yotseka. Sanawakhululukire. Ankadana nawobe, ndipo ankawafunanso, zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo zinkamupweteka kuposa vayisi. Misozi itabwera anaipukuta msanga ndi phewa, chifukwa inkamutchinga kuona.

Kenako anakumbukira momwe kalipentalayu ankayesera thabwa. Ananyamula dzanja la bambo ake. Linali lolemera, lozizira, la zikang'a zolimba ngati chikopa cha nsapato. Anagwira chala chawo chachikulu, nachiika pa cholozera chake, nachiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera patsinde. Pamene fupa linakhota, anachiimitsa. Anachitanso chimodzimodzi pa chala chapakati.

"Sizipindika," anawauza ndi dzanja lamanzere. "Sipanala ndimagwira. Kukazizira zimawawa."

Anabweza dzanjalo pachifuwa, osalisanjika pa linzake. Makutu anamupatsira chivundikiro, mayi n'kumupatsira misomali mmodzimmodzi ndi mikono yawo yotupa. Anakhoma yekha ndi hamala yobwereka ija, kuyambira kumapazi, ndipo mpaka thabwa linaphimba nkhope ya bambo ake, sanatsinzine.